Ahindu sangogwadira zidole ayi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ina yomwe yandikhala pamtima. Tsiku lina mu minibasi bambo wina anati Ahindu amangogwadira zidole ndi ng'ombe basi, anthu n'kuseka, koma ine zinandiwawa chifukwa ndinagwirapo ntchito pa shopu ya mayi wina wachihindu ku Limbe ndipo ndinkawaona mmene ankapempherera. Mmawa uliwonse asanatsegule shopu ankayatsa kanyali ka mafuta, kuika maluwa, kenako n'kungokhala duu maso ali pa chithunzi cha mulungu wawo Krishna mpaka misozi kulengeza. Iwowo amati darshan, kumuona Mulungu iyenso n'kukuona iwe. Chikondi choterechi amachitcha bhakti.

Kumwera kwa India kuli magulu awiri a Ahindu opembedza mulungu wotchedwa Vishnu omwe akhala akutsutsana za chisomo kwa zaka mazanamazana. Ena amati munthu ali ngati kamwana ka nyani, kamayenera kugwiritsa pamimba pa amake kuti kasagwe. Enawo amati ayi, ali ngati kamwana ka mphaka, amake amangokanyamula ndi kukamwa iko kali phee. Ndiye si zomwezi timakangana m'matchalitchi mwathu za chikhulupiriro ndi ntchito?

Ramakrishna, wansembe wachihindu wa kachisi wa mulungu wamkazi wotchedwa Kali ku Dakshineswar pafupi ndi Kolkata yemwe anamwalira mu 1886, ankachita kulira ngati mwana kufuna kumuona yekha Kali, osati kungomva kwa ena.

Chonde pa tsamba lanu la zachipembedzo muziwapatsako mpata Ahindu a konkuno afotokoze okha.

Wowerenga wanu,
Limbe