Tiphunzitse bwino malo oyezera nkhope ndi mutu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ambiri angaione ngati ya m'kalasi ya madokotala okha, chonsecho imakhudza mayi wopita ndi mwana ku sikelo, munthu wovala magalasi a maso ndiponso agogo amene akudikira mano oikirira. Nkhaniyi ndi ya malo odziwika pankhope ndi pamutu pamene wachipatala amayenera kuyambira ndi kulekezera akamayeza munthu. Ndinagwira ntchito ya unamwino kuno kumpoto mpaka kupuma, ndipo maganizo anga ndi akuti malo amenewa sitikuwaphunzitsa mokwanira, komanso kuti manambala ambiri amene timayerekeza nawo nkhope zathu anatengedwa pa anthu a kutali.

Telala aliyense amadziwa kuti mkono wa malaya umayezedwa kuyambira pa fupa la phewa, ndipo akayambira pena malayawo sakwana. Nkhope ndiye yovuta koposa, chifukwa imasintha munthu akaseka, akanenepa kapena akatupa, n'chifukwa chake akatswiri anasankha malo angapo amene sasuntha, makamaka pamene fupa lili pafupi ndi khungu. Wowerenga akhoza kuwapeza ndi chala chake. Pakati pa nsidze, pamene mphumi yatukuka pang'ono, ndi pa glabella. Mukatsitsa chalacho pang'ono chimagwera m'kadzenje kamene kali pakati pa maso, pamene fupa la mphumi limakumana ndi timafupa tiwiri ta mphuno, ndipo pamenepo ndi pa nasion. Kunsi kwa mphuno, pamene khoma lolekanitsa mabowo ake limakumana ndi mlomo wa m'mwamba, ndi pa subnasale, ndipo nsonga ya pansi penipeni pa chibwano ndi gnathion. M'mbali mwa nkhope, kutsogolo kwa khutu, pamene fupa la tsaya latuluka kwambiri, ndi pa zygion, pomwe pa ngodya ya nsagwada kunsi kwa khutu ndi pa gonion. Kutalika kwa nkhope kumayezedwa kuchokera pa nasion kufika pa gnathion, ndipo kufutukuka kwake kumayezedwa kuchokera pa zygion wa kumanja kufika pa wa kumanzere. Anthu awiri akagwiritsa ntchito malo omwewa, wina ali ku Mzuzu wina ali ku Nsanje, manambala awo akhoza kuyerekezedwa.

Koma malowa sathandiza ngati mutu wapendekeka. M'zaka za m'ma 1880 akatswiri oyeza zigaza anagwirizana mumzinda wa Frankfurt ku Germany kuti mutu uziikidwa mwa njira imodzi, yoti mzere wochokera pamwamba pa bowo la khutu kufika m'munsi mwa fupa lozungulira diso ukhale wolingana ndi pansi. Lamulo lomweli ndi limene limagwira ntchito pa thabwa loyezera msinkhu wa ana. Mwana woimirira ayenera kuyang'ana kutsogolo mzerewo uli chopingasa, ndipo wosakwana zaka ziwiri, amene amayezedwa atagona chagada, mzerewo uyenera kuloza kumwamba, wina atagwira mutu wake kuti ugunde thabwa. Ndaona kangapo mwana akuyezedwa atakweza chibwano kuyang'ana amayi ake, kapena atawerama akulira, woyezayo n'kulemba nambala m'buku osakonza mutu. Sindikuwadzudzula kwambiri alangizi a zaumoyo, chifukwa mzere wa amayi umakhala wautali ndipo woyeza amakhala mmodzi. Komabe tikumbukire kuti chiwerengero chimene timachitchula kawirikawiri, choti mu kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, chimachokera pa muyeso wa msinkhu, ndipo muyeso umenewo umadalira mmene mutu wa mwana waikidwira.

Kuyeza kuzungulira kwa mutu wa khanda ndi kumene kumandidetsa nkhawa kwambiri. Tepi iyenera kudutsa pamwamba penipeni pa nsidze, pamwamba pa makutu, n'kuzungulira pa nkhongo pamene fupa latuluka kwambiri, chipewa chitavulidwa ndipo tepiyo itakanikiza tsitsi. Mwana wobadwa pa nthawi yake amakhala ndi mutu wa masentimita pafupifupi 34 kapena 35. Tepi ikatsikira m'khosi kapena ikakwera pa mphumi, nambala imasintha ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo, ndipo mwezi wotsatira wina akayeza molondola zimaoneka ngati mutu wakula modabwitsa kapena waima. Choopsa n'chakuti mwana amene madzi akuchuluka m'mutu mwake amadziwika msanga ndi manambala otsatizana amenewa, pamodzi ndi liwombo lotukuka, maso a anthu asanaone kuti mutu wakula. Manambalawo akakhala osadalirika, mwana amafika ku chipatala chachikulu mochedwa.

Za magalasi ambiri akuzidziwa kale. Wopima maso amayeza mtunda wa pakati pa timboni tiwiri ta maso, umene kwa akuluakulu ambiri umakhala cha m'ma mamilimita 63, kuti pakati pa galasi pagwere pamene diso likuyang'anira. Magalasi ogula pamsika, osayezetsa, amaganizira kuti tonse tili ndi mtunda umodzi, ndipo akakhala amphamvu ena amamva nawo mutu. Ngakhale mafelemu enieniwo ambiri anapangidwira anthu amene msana wa mphuno yawo ndi wautali, n'chifukwa chake mumaona mphunzitsi akukankhira magalasi m'mwamba ndi chala nthawi yonse imene akulemba pa bolodi. Masiki a N95, amene anamwino amavala m'mawodi a TB ndipo tonse tinawadziwa nthawi ya Covid-19, amayesedwa pa magulu a anthu osankhidwa potengera kutalika kwa nkhope kuchokera pa tsinde la mphuno kufika pa chibwano ndi kufutukuka kwa pa masaya, ndipo manambala amene bungwe la NIOSH, loona za chitetezo ndi umoyo wa antchito ku America, limagwiritsa ntchito anatengedwa pa antchito a m'dzikomo. Masiki ikasiya mpata m'mbali mwa mphuno, mpweya umalowera pomwepo. Nayenso dokotala wa mano amayeza kuchokera pa subnasale kufika pa chibwano pokonza mano oikirira, kuti munthu asamalume mokwera kapena motsika kwambiri.

Pa msinkhu ndi kuzungulira kwa mutu tili ndi poyerekezera pabwino, chifukwa miyeso imene bungwe la WHO linatulutsa kuyambira mu 2006 inachokera kwa ana a m'mayiko asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Ghana. Pa nkhope yeniyeniyo zinthu n'zosiyana. Dokotala Leslie Farkas, amene ankagwira ntchito ku Toronto, anayeza nkhope za anthu ambirimbiri, ndipo manambala ake a azungu a ku North America akhala akugwiritsidwa ntchito ngati muyezo m'mabuku a madokotala. Kafukufuku amene iye ndi anzake anatulutsa mu 2005 anaonetsa kuti anthu a ku Africa ndi ku Asia amasiyana nawo kwambiri azunguwo pa kufutukuka kwa mphuno. Tsono dokotala wokonza mlomo wong'ambika wa mwana wa ku Chitipa, kapena woyeza kutalika kwa mpata wa diso pofufuza ngati mwana anavulazidwa ndi mowa ali m'mimba, ayenera kudziwa kuti akuyerekeza ndi ana a kuti.

Ndikudziwa kuti ena amachita nayo mantha nkhani yoyeza nkhope, ndipo sindikuwanena. Azungu ena anagwiritsa ntchito miyeso ya zigaza ndi mphuno poika mitundu ya anthu pamwamba ndi pansi, ndipo ku Rwanda maganizo oterewa anathandiza atsamunda kukulitsa kusiyana kwa Ahutu ndi Atutsi. Muyeso wa nkhope sunena kanthu za nzeru kapena khalidwe la munthu, ndipo kafukufuku aliyense wa kuno asakhale wogawa Atumbuka, Atonga, Angoni ndi Achewa, koma wopeza mmene nkhope za Amalawi zimasiyanirana malinga ndi zaka ndiponso pakati pa amuna ndi akazi.

Pempho langa likupita ku Mzuzu University, imene imaphunzitsa akatswiri opima maso, ndi ku Kamuzu University of Health Sciences, kumene tsopano kuli maphunziro a madokotala a mano amene anayamba mu 2019. Ophunzira awo akhoza kuyeza anthu ovomera okha, pogwiritsa ntchito malo omwe ndatchulawa, zithunzi ndi mayina zikusungidwa mwachinsinsi, ndipo zotsatira zake n'kuperekedwa kwa oitanitsa mafelemu ndi masiki. Ku Unduna wa Zaumoyo ndikupempha zinthu zotsika mtengo: matepi osatamuka, munthu wachiwiri wogwira mutu wa mwana pa thabwa, ndi chithunzi chimodzi pakhoma la sikelo iliyonse choonetsa pamene tepi iyenera kudutsa ndi mmene mutu uyenera kukhalira.

Ine wowerenga wanu,
Namwino wopuma,
Katoto, Mzuzu