Phunziro la zachuma la pa intaneti likonzedwe ndi zitsanzo za kwathu kuno

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya maphunziro a ukachenjede a pa intaneti, makamaka phunziro loyambira la zachuma lotchedwa microeconomics, limene ndakhala ndikuphunzira pa foni yam'manja ndili kwathu kuno ku Mangochi. Pempho langa likupita kwa akuluakulu a sukulu zathu za ukachenjede ndi a unduna woona zamaphunziro: phunziroli likonzedwe ndi aphunzitsi a m'dziko muno, likhale ndi zitsanzo za m'dziko muno, ndipo liikidwe pa intaneti pa mtengo woti mayi wogulitsa usipa kapena mwana wake angathe kulipira.

Phunziroli silikamba za ngongole za boma kapena mphamvu ya kwacha, chifukwa nkhani zimenezo zili ndi phunziro lakelake. Limayang'ana munthu mmodzi, banja limodzi, bizinesi imodzi ndi msika umodzi, n'kufunsa kuti munthu amasankha bwanji pamene ndalama, nthawi ndi mphamvu zake sizingakwanire zonse zimene akufuna, komanso kuti mtengo wa katundu umachokera kuti pamene palibe amene wakhala pansi kuti aulamule. Mutu woyamba waukulu ndi wa kufunika kwa katundu ndi kupezeka kwake, umene amaufotokoza ndi mizere iwiri yopingasana, monga anaufalitsira katswiri wa ku England Alfred Marshall m'chaka cha 1890. Munthu wa kunyanja amaidziwa kale nkhaniyi ngakhale sanaonepo mizereyo. Usipa amaupha usiku ndi nyali, ndipo mwezi ukawala kwambiri usipawo subwera ku kuwala kwa nyalizo. Mabwato amabwerako opepuka, ndipo ndowa imodzi pa doko imakwera mtengo m'mawa womwewo. Mphepo ya mwera ikalimba m'miyezi yozizira, asodzi ambiri sapita pamadzi, ndipo mtengo umakweranso. Koma mbuzi zikakwera mtengo pamene Eid ikuyandikira, chifukwa chake ndi china: mbuzi sizinachepe, ogula ndiwo achuluka. Kusiyanitsa zinthu ziwirizi ndiko kumene phunziroli limaphunzitsa, ndipo ndi luso lofunika, chifukwa amene sazisiyanitsa amafulumira kunena kuti wamalonda aliyense wokweza mtengo ndi wakuba.

Mutu umene unandigwira mtima kwambiri ndi wakuti mtengo weniweni wa chinthu ndi chimene munthu wasiya kuti achipeze. Mchemwali wanga amagula usipa wauwisi pa doko, amauyanika pa thandala, kenako amaulongedza m'matumba n'kupita nawo ku msika wa Limbe. Powerengera phindu ankangochotsa ndalama yogulira nsomba, ya thiransipoti ndi ya chiphaso cha msika. Masiku amene amakhala padzuwa akutembenuza nsomba sankawawerengera, usipa wonyenyeka wotsala pansi pa thumba sankauwerengera, ngakhalenso mandasi amene akanagulitsa pakhomo masiku amene ali paulendo. Tsiku lina tinakhala pakhonde ndi kope la mwana wake, tinalemba zonsezi m'mizere iwiri, ndipo anaona yekha kuti pa nthawi imene usipa wachuluka ku Limbe, kugulitsa pa boma pompano kumamupindulira kuposa ulendo wautaliwo. Iye analekeza sukulu ku pulayimale, koma mfundoyi anaimva msanga kuposa ine, chifukwa inali nkhani ya mpamba wake.

Ena adzati maphunziro otere amangoyamikira msika ndi kunyoza boma. Sizili choncho ayi. Ndi zoona kuti amafotokoza chimene chimachitika boma likaika mtengo wotsika kuposa umene msika ungafikepo: katundu amasowa m'masitolo, mizere imatalika, ndipo katundu yemweyo amapezeka kuseri pa mtengo wokwera, monga tonse taonera ndi mafuta a galimoto ogulitsidwa m'zigubu. Amafotokozanso chifukwa chake mitengo yoyambira ya mbewu imene unduna wa zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka sithandiza mlimi wa ku Namwera ngati pamudzi pafika venda mmodzi yekha ndi sikelo yake, pamene mlimiyo akufuna ndalama ya kuchipatala lero lomwe. Koma phunziro lomweli lili ndi mitu yonena za pamene msika umalephera, ndipo apa ndi pamene ife a ku Mangochi tiyenera kutchera khutu.

Nyanja ya Malombe inali yotchuka ndi chambo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambocho chinachepa kwambiri, makoka a maso ang'onoang'ono atachuluka. Palibe msodzi amene ankafuna kuti nyanja iwonongeke. Aliyense ankangoona kuti nsomba imene iye angaisiye lero, mnzake adzaikokolola mawa, choncho kudziletsa kunalibe phindu kwa munthu mmodzi, ngakhale kuti kukanapindulira onse. Vuto limeneli la chuma cha anthu onse limene katswiri wa ku America Garrett Hardin analifotokoza m'chaka cha 1968 lili m'mabuku ambiri oyambira a microeconomics. Mulinso ntchito ya mayi Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2009 atasonyeza kuti anthu a m'midzi amatha kudziikira malamulo n'kusunga chuma chotere popanda kuchigulitsa kwa munthu mmodzi. Makomiti a m'madoko amene anayamba ku Malombe m'chaka cha 1993, pamodzi ndi nyengo yotseka nyanja kuti nsomba ziswane, ndi kuyesa kwathu kuchita zomwezo. Ku Salima, mafumu akhala akutseka chilumba cha Mbenji m'nyengo ya dzinja kwa zaka zambiri, ndipo asodzi amamvera. Funso lakuti chifukwa chiyani lamulo limagwira ntchito pamalo ena koma limathyoledwa usiku pamalo ena ndi funso la zachuma, ndipo mamembala a makomitiwa anayenera kukhala oyamba kuphunzitsidwa zimenezi.

Komabe kosi imene ndikuchita sinatchulepo nyanja yathu ngakhale kamodzi. Zitsanzo zake ndi za pizza, za lendi ya nyumba ku New York ndi za malipiro a pa ola m'madola. Ndiyenera kuyamba ndamasulira chitsanzo chilichonse m'mutu mwanga ndisanafike pa mfundo yake, ndipo anzanga ena amene tinayambira limodzi anasiyira pomwepo, osati chifukwa cha kuvuta kwa masamu. Masamu ake sapitirira a Fomu 4: kuwerenga ma girafu, ma peresenti ndi kupeza nambala yosadziwika. Chimene chimafooketsa ndi kumva ngati ukuphunzira za dziko la eni.

Palinso mavuto a zipangizo. Vidiyo imodzi ya phunziro imatha bandulo imene ikanakwanira sabata yonse ya WhatsApp, choncho ambiri timadikira usiku kuti titsitse maphunziro. Girafu yokhala ndi mizere inayi sioneka bwino pa foni yaing'ono, moti ndimayamba ndaijambula pa pepala. Mayeso a sabata ndi sabata ali ndi ola lotsekera, ndipo kompyuta ya kutsidya kwa nyanja sidziwa kuti magetsi azima kapena netiweki yagwa. Zoona, pali zinthu zaulere zabwino: sukulu ya ukachenjede ya MIT ya ku America imaika maphunziro ake poyera pa tsamba la MIT OpenCourseWare, OpenStax ya ku Rice University imapereka mabuku a zachuma kwaulere, ndipo Khan Academy ili ndi mavidiyo afupiafupi. Koma munthu akafuna satifiketi, kawirikawiri ayenera kulipira m'madola, ndipo chichokereni pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro amene Mzungu amawaona ochepa ndi mpamba wathunthu wa munthu wa kuno. Ndikulangizanso achinyamata kuti asanalipire sukulu iliyonse ya pa intaneti ayambe afunsa ku National Council for Higher Education, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ngati pepala lake likuvomerezeka m'dziko muno.

Akatswiri oti angakonze phunziroli tili nawo. University of Malawi ku Zomba yakhala ikuphunzitsa zachuma kwa zaka zambiri, LUANAR ndi Mzuzu University zili kale ndi maphunziro a patali, ndipo sukulu ya zausodzi ili konkuno ku Mpwepwe. Ndikupempha kuti sukuluzi zigwirizane n'kukonza kosi yaifupi imene munthu angalowe ndi satifiketi ya MSCE, yokhala ndi mawu ojambulidwa ndi zolemba zopepuka m'malo mwa mavidiyo aatali, yofotokoza mfundo zovuta m'Chichewa ndi m'Chiyao pambali pa Chingerezi, ndiponso yolipiridwa m'makwacha kudzera pa foni. Ntchito za ophunzira zikhale zopita ku msika: kulemba mtengo wa ndowa ya usipa kwa mwezi wathunthu n'kuuyerekeza ndi kuwala kwa mwezi, kapena kufunsa akabaza chimene amachita ndi mitengo yawo mafuta akakwera. Bungwe la MACRA, loyang'anira zamafoni ndi mawayilesi, likambirane ndi makampani a mafoni kuti masamba a maphunzirowa asamadye bandulo, ndipo mayeso omaliza azilembedwa pa sukulu ya sekondale ya pa boma, kuti wophunzira wa ku Makanjira kapena ku Monkey Bay asawononge ndalama ya ulendo wa ku Zomba kapena ku Lilongwe.

Ine wowerenga wanu,
Wophunzira wa pa intaneti,
Mangochi.