Kalata kwa NaPhiri: za ulendo wako wodzaoda katundu ku Joni

Chemwali wanga NaPhiri,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, iwe, ana ndi alamu anga. Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwa June kwafika, m'mawa madzi apampopi amachita kuluma zala. Uthenga wako pa WhatsApp ndaumvera kawiri ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere bwinobwino, poti ndalama ukufuna kubwera nazozo ndi zangongole ya kubanki nkhonde, si zoyankhira ndi mawu awiri ayi.

Chithunzi wanditumizira chija ndi cha Sandton City, chinyumba chachikulu cha mashopu apamwamba. Nkokongola zedi sindikukana, pansi pamawala ngati pathiridwa madzi, ndipo panja pake pa Nelson Mandela Square pali chiboliboli cha Mandela chotalika mamita 6 chomwe aliyense amajambulitsapo. Ndidzakutengera, tidzakwera sitima ya Gautrain pa Park Station, kudutsa Rosebank basi tafika. Koma kumeneko tidzapita kukaona ndi maso, chikwama chili chotseka. Mu Woolworths kapena Edgars mtengo ndi umene walembedwa pakapepala, palibe woti unenerere naye, ndipo ukagula diresi mmenemo nkuwonjezapo thiransipoti ndi msonkho, ku Area 25 udzaigulitsa kwa ndani? Geni yako ili mtauni ndi kwa matchaina.

Mtaunimo tidzayambira Small Street. Ndi kamsewu kopanikizika koyenda anthu apansi okhaokha, mashopu mbali zonse, nsapato, majini, mawigi, zovala za ana, masipika akulira, anyamata akukukoka dzanja kuti sisi lowani muno. Kamakafika mpaka ku Carlton Centre, chinyumba cha nsanjika 50 chomwe chinatsegulidwa mu 1973. Nthawi imeneyo anthu andalama ankagula konkuno, kenaka mashopu akuluakulu ambiri anasamukira ku Sandton, Rosebank ndi Eastgate, hotela ya Carlton nkutsekedwa, tauni nkutsala ya ife oyenda pa takisi, maminibasi akuno. Ine ndimaikonda choncho ngakhale ili ndi zinyalala zake, chifukwa mmenemo munthu wa ndalama zochepa amatulukamo atanyamula kanthu.

Chapafupi pomwepo pali Jeppe, kumene kwadzaza anthu a ku Ethiopia. Ukaona panja ungati ndi nyumba zakale za maofesi, koma ukalowa nkukwera masitepe mpamene umadabwa, nsanjika iliyonse timashopu ting'onoting'ono katundu mpaka kudenga, fungo la khofi ndi lubani paliponse. Pali bambo wina amene ndimagulako mabulangete, ulendo woyamba ananditchulira mtengo ine nkungolipira osanena kanthu. Ndikutuluka ndinakumana ndi mayi wina wa ku Zambia atanyamula bulangete lomwelo, mtundu womwewo, tinalankhulana Chinyanja ndipo atandiuza zomwe walipira mtima unandiwawa tsiku lonse. Iye ndi amene anandiphunzitsa kuti usamafunse mtengo wa chimodzi, uzifunsa wa khumi, ndipo akatchula uyambe kaye kuyenda ngati ukupita. Pano bambo uja akandiona amangoseka nkutulutsa kakyuleta, amalemba nambala ine ndimafufuta nkulemba yanga, mpaka tigwirizane.

Tsiku lachiwiri ndi la Dragon City ndi China Mall, chakumadzulo kwa tauni. Uko ndiye kopikula kwenikweni, madiveti, zikwama, mapoto, zidole, zodzoladzola, ndipo udzamva Chichewa paliponse chifukwa anyamata ambiri ogwira ntchito mmashopumo ndi akwathu. Koma chemwali chilichonse uzitsegula pomwepo. Ine ndinagulapo bokosi la nsapato za ana pa shopu ina, pamwamba zinali bwinobwino, kufika kunyumba ndinapeza mapeyala atatu onse a mwendo wakumanzere okhaokha, kubwerera mawa lake anangondilozera chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa. Zipi iliyonse uyikoke, nsapato uziwerenge, ketulo auyese pamagetsi uli pomwepo, ndipo lisiti usalisiye chifukwa a MRA pa Mwanza adzalifuna.

Poti unanena za makatani, malo ake ndi Oriental Plaza ku Fordsburg. Mashopu ndi opitirira 300, ambiri a amwenye, nsalu zaukwati, makatani osoka kale ndi oyeza pa mita, ndipo kunenerera nkololedwa. Mayi wina wachikulire wogulitsa nsalu anandifotokozera kuti makolo awo anali ndi mashopu ku Fietas pa 14th Street, boma la tsankho lija linawachotsako ndi lamulo la Group Areas nkuwabweretsa kuno m'ma 1970, nyumba zambiri nkugumulidwa. Amafotokoza uku akudula nsalu yanga, sizasi osaima, ine misozi inalengeza. Lachisanu masana mashopu ambiri amatseka kaye anthu apite kumzikiti, ndiye tidzapita tsiku lina, ndipo samusa wakumeneko udzamulawa ndithu.

Tsopano za kusamala, apa ndimvetsere. Mtauni foni siituluka mchikwama. Yanga inapita masana dzuwa likuswa mtengo, ndinangoti ndiyankhe mwana, wina anandigunda paphewa kundipepesa, potembenuka mmanja mulibe kanthu. Ndalama uzigawe, zina mu kathumba kamkati, zina mu sokosi, zapamwamba zikhale za takisi zokha, ndipo usamawerenge marandi pamsewu. Wina akakuuza kuti tiye ndikakuonetse kotchipa kuseriku, ukane. Ikamakwana 4 koloko tizikhala tili kale pa renki, kaya pa Noord kaya pa Bree. Msewu wa Bree pano umatchedwa Lilian Ngoyi, ndi uja unaphulika ndi gasi wapansi mu July 2023 matakisi nkugubuduzika, koma anthu amangoti Bree basi. Poimitsa takisi yopita mtauni umaloza chala mmwamba, ndipo usadzakhale mpando wakutsogolo tsiku loyamba, chifukwa kulibe kondakitala ngati kwathu, wakutsogoloyo ndi amene amalandira ndalama za anthu onse nkumabweza chenji.

Pasipoti yathu amadinda masiku 30 pa Beitbridge, koma iwe sabata imodzi ikukwana. Chomwe ndikufuna uchite usananyamuke, yenda kaye mu Malangalanga ndi ku Bwalo la Njobvu ulembe mitengo ya zinthu zomwe ukufuna kudzagula, chifukwa katundu wina wa ku China amafika kale ku Lilongwe kudzera ku Dar es Salaam ndipo ungadzavutike ulendo wonsewu, Tete, Nyamapanda, Harare, masiku awiri mu basi, nkukapeza kuti mnzako pabenchi yoyandikana akugulitsa motchipa kuposa iwe. Marandinso uwapezeretu, ukudziwa mmene kwacha ilili chigwetsereni ndi 44 peresenti mu November 2023. Ufunsenso a basi kuti katundu amalipiritsa bwanji akapyola makilo ololedwa.

Udzagona kwanga, matiresi alipo. Lamulungu tidzapita kumsika wa ku Yeoville, amayi a ku Congo amagulitsa chigwada ndi nsomba zouma, ndikamapita kumeneko ndimamva ngati ndili ku Kawale. Koma usipa wawo sufanana ndi wathu ndiye chonde undinyamulire wa ku Salima pang'ono, ufa woyera, nsinjiro ndi kambuzi. Ubwere ndi juzi yokhuthala ndi nsapato zafulati, tidzayenda kwambiri. Undiuze tsiku lomwe wagula tikiti kuti ndipemphe ofu kwa abwana, ndidzakuchingamira ndekha pa Park Station ndipo usadzatuluke panja ndisanafike.

Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti bulangete lawo ndagula kale, udzawatengera pobwerera.

Ndine mnzako,
NaBanda