Tisapupulume kupalitsa mano amoyo chifukwa cha ma veneer

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya ma veneer, timapale topyapyala timene madokotala amamata pamwamba pa mano akutsogolo kuti aoneke oyera ndi ofanana, poti zithunzi zake zadzaza pa Facebook ndi TikTok ndipo ana athu ayamba kuzisirira.

Mwana wa mchemwali wanga anakulira kufupi ndi Nathenje, kumene madzi a m'mijigo ina ali ndi fluoride, mchere wachilengedwe wa m'nthaka, wopitirira mlingo wa 1.5 mg pa lita umene bungwe la WHO limavomereza. Chifukwa cha madzi amenewa, mano ake anamera ali ndi mawanga oderako amene mswachi sungachotse, ngakhale atatsuka katatu pa tsiku, ndipo kuyambira ali ku pulayimale wakhala akuseka ataphimba pakamwa ndi dzanja. Choncho sindinyoza munthu wofuna kukonza mano ake, chifukwa manyazi amenewo ndawaona ndi maso anga m'nyumba mwathu momwe.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti otsatsa malonda sanena zimene zimachitikira dzino lisanamatidwe. Nthawi zambiri dokotala amayamba wapala chikuto cholimba cha dzino, pafupifupi theka la milimita, kuti kaphaleko kakhale bwino, ndipo chikuto chimenecho sichimeranso ngati tsitsi kapena chikhadabo. Dzino lopalidwa limayayamira likakhudzidwa ndi madzi ozizira, ndipo liyenera kukhala lophimbidwa moyo wonse. Ma veneer a porcelain (dothi lowotcha longa la makapu) amakhala zaka 10 mpaka 15, pamene a composite (phala longa pulasitiki limene limauma pa dzino), amene ndi otsikirapo mtengo, amatha msanga kuposa pamenepo. Mtsikana amene waikitsa ali ndi zaka 22 adziwe kuti adzabwereranso pampando wa dokotala kangapo kukaikitsa atsopano, ndalama zili m'thumba kapena ayi. Adziwenso kuti nzimbe ndi chimanga chokazinga sadzazilumanso ndi mano akutsogolo mmene anazolowerera, chifukwa kaphaleko kamasweka kapena kumatuka.

Pamene dokotala wa ku California, Charles Pincus, anayamba kupanga ma veneer mu 1928, anali a anthu ochita mafilimu a ku Hollywood, ovala pojambula n'kuvula akamaliza. A masiku ano amamatidwa kuti asachokenso, ndipo n'chifukwa chake ntchitoyi ndi ya chipatala osati ya ku saluni. Ku Britain kuli anthu amene anathamangira mitengo yotsika ku Turkey akuganiza kuti akukaikitsa ma veneer, koma anabwerako mano awo atasemedwa mbali zonse ngati zikhomo n'kuvekedwa ma crown, tizipewa tophimba dzino lonse, mpaka vutoli linapatsidwa dzina lakuti Turkey teeth. Ku America, bungwe la American Dental Association linachenjeza anthu mu 2024 za amene amamata ma veneer popanda chiphaso, ataphunzira kwa masiku ochepa chabe. Kumata kaphale pa dzino lobooka kapena pa nkhama zotupa n'kutsekera matenda mkati, kumene amapitiriza kudya dzino mwakachetechete. Kuno kwathu madokotala a mano amalembetsedwa ndi Medical Council of Malawi, ndipo wodwala ali ndi ufulu wofunsa chiphaso asanayasamule.

Ndidandaulekonso pang'ono za mpata wa pakati pa mano akutsogolo, umene agogo athu ankauyamikira kuti ndi chiphadzuwa cha mkazi, koma lero ena akufuna kuutseka kuti afanane ndi zithunzi za kunja. Dzino lamoyo lisapalidwe pa chifukwa chotere.

Mwana wa mchemwali wanga uja tinapita naye kwa dokotala wolembetsedwa, amene anayamba wamuchiza nkhama, kenako anapukuta mawangawo ndi mankhwala n'kumata composite pa mano awiri okha amene anali oderapo kwambiri, ena onse n'kuwasiya mmene analili. Pempho langa kwa inu, akonzi, n'lakuti mupatse danga madokotala a mano m'nyuzipepala yanu kuti atifotokozere njira zoterezi m'Chichewa, ndiponso kuti atolankhani anu akafunse a zamadzi za kuyeza mijigo m'madera amene ana akumerabe mano amawanga.

Ine wowerenga wanu,
Lilongwe