Viza ya Schengen yolowera kangapo: werengani masiku

Akonzi,

Ambiri amene amapita kukachezera ana awo ku Germany kapena ku France akaona mawu akuti MULT pa viza ya Schengen (gulu la mayiko ambiri a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi) amaganiza kuti akhala mmene angafunire. Si choncho ayi. MULT imangokulolani kulowa ndi kutuluka kangapo, koma masiku okhala ndi 90 okha pa masiku 180 alionse, kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Tsiku lolowa ndi lotuluka onse amawerengedwa.

Mwachitsanzo, mukalowa pa 1 Malichi n'kutuluka pa 29 Epulo, mwatha masiku 60. Mukabwereranso mu Juni mwatsala ndi 30 basi. Masiku a Malichi aja amayamba kubwerera limodzilimodzi kuyambira pa 28 Ogasiti.

Kuchoka ku France kupita ku Italy si kutuluka, konseko ndi Schengen. Kupita ku Britain kapena ku Ireland kumaimitsa kuwerengako, koma sikufufuta masiku amene mwatha kale, ndipo kumeneko viza ya Schengen sigwira ntchito.

Chonde onaninso mzere wa DURATION OF STAY pa viza yanu, umene umasonyeza masiku amene mwaloledwa kukhala, poti ena amapatsidwa masiku osakwana 90. Mukapitirira ngakhale pang'ono akuluakulu a boma kumeneko akhoza kukulipiritsani chindapusa, kukuletsani kulowanso, kapena kukukanizani viza yotsatira.

Wowerenga nyuzipepala yanu,
Lilongwe