Kwa mwana wanga, za mawu olemba pa chipilala cha malume

Wokondedwa mwana wanga,

Ndalandira ndalama zimene unatumiza pafoni pamodzi ndi chithunzi cha mwala umene mmisiri wa ku Limbe wakujambulira, ndipo ndathokoza kuti nkhani ya chipilala cha malume anga waitenga ngati yako, ngakhale kuti iwo anamwalira ine ndisanabadwe. Simenti tagula kale pa Chitakale, njerwa nazo anyamata awotcha. Koma mmisiriyo umuuze kuti ayambe wadikira, asazokote chilembo ngakhale chimodzi, chifukwa mawu amene mwagwirizanawo andisowetsa tulo.

Mwalemba m'Chingelezi kuti pano pagona sajeni amene anagonjetsa adani ambiri. Pamalopo sipagona munthu, malume sanali sajeni, ndipo za adani ogonjetsedwawo palibe amene anatiuzapo. Ndikudziwa kuti wachita zimenezi chifukwa cha chikondi, koma munthu amene anafa imfa ngati yawo safunika kumubwerekera ulemu.

Malume ankatchola tiyi ku esiteti asanakalembetse usilikali pa boma nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Anawatengera ku Zomba n'kulowa m'gulu la King's African Rifles (KAR), kenako anakwera sitima yapamadzi ku Mombasa, anakhalako ku Ceylon, mpaka anakafika ku Burma kukamenyana ndi asilikali a ku Japan. Mu 1944 gulu la 11th East African Division, momwe munali anyamata ambiri a ku Nyasaland, linadutsa m'chigwa cha Kabaw kulunjika kumtsinje wa Chindwin m'nyengo ya mvula yosalekeza, matope ali m'maondo, malungo akugwetsa anthu mofanana ndi zipolopolo. Malume anatsala m'chigwa chimenecho.

Zimene zinachitika tsikulo tinazimva kwa mnzawo amene anabwerako, yemwe ine ndinamuona ndi maso anga ndili mtsikana, akugwira ntchito ya ulonda kufakitale ya tiyi, akuyenda motsimphina. Ankabwera kwathu Lamulungu masana, n'kukhala pakhonde, chipewa atachiika pabondo, ndipo nkhani yake sinkasintha. Ankati atawomberedwa pantchafu anzake onse anali atabwerera m'mbuyo, koma malume anamubwerera, anamubereka kumsana ngati mwana, anawoloka naye kamtsinje kodzaza, anamusiya m'manja mwa onyamula machila, ndipo asanapume n'komwe anabwereranso kukatenga wina amene ankabuula kutsidya. Ulendo wachiwiriwo sanabwereko. Akafika pamenepa bamboyo ankakhala chete, agogo anga n'kudzuka kukasonkhezera moto umene unali ukuyaka kale.

Nkhani yonse ndi imeneyi, ndipo ndikufuna kuti pamwalapo palembedwe zimenezi basi, m'Chichewa, kuti mayi wochokera kudimba ndi mwana wopita kusukulu aziima n'kuwerenga okha popanda wowamasulira. Dzina likhale limene makolo awo anawapatsa, ndipo limene kalaliki wa usilikali analemba molakwitsa libwere pansi pake pamodzi ndi nambala yawo.

Kabokosi kachitsulo kaja kali kwa ine. Muli mendulo yooneka ngati nyenyezi, kansalu kake katasuluka, ndi kalata imene inabwera kudzera kwa DC, yothetheka m'mopinda. Agogo anga analira maliro opanda mtembo, anameta popanda manda oti n'kukaguguda, ndipo mpaka imfa yawo ankatuluka panja akamva galimoto yaima pamsewu. Nambala ya malume ili pakalatapo, ndakujambulira. Popeza intaneti umaidziwa, kafufuze m'kaundula wa bungwe la Commonwealth War Graves Commission. Kumanda a asilikali a Taukkyan, ku Burma komweko, kufupi ndi mzinda wa Yangon umene kale unkatchedwa Rangoon, kuli zipilala zolembedwa mayina pafupifupi 27,000 a asilikali amene manda awo sadziwika, ndipo a ku Africa alipo. Ukapeza dzinalo ndi tsiku, tidzalemba tsikulo. Ukapanda kupeza, tidzangolemba 1944.

Pali china chimene amfumu ananena pabwalo, ndipo ine ndinagwirizana nacho ngakhale kuti ndalama zambiri ndi zako. M'mudzi muno si ife tokha amene tinataya munthu. Pankhondo yoyamba ya padziko lonse, imene akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya, kumenyana kunafika ku Karonga mu September 1914, ndipo amuna zikwizikwi anagwidwa kukhala amtengatenga, kusenza katundu wa asilikali pamutu mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi kamwazi. John Chilembwe analemba kalata chaka chomwecho kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo imene si yawo. Chipilala chachitali cha ku Zomba, kufupi ndi Cobbe Barracks, chimakumbutsa asilikali a KAR, koma amtengatenga a m'midzi ngati uno anangozimirira, ndipo mu 2021 bungwe lija linavomereza lokha kuti anthu akuda ambiri amene anafa pankhondoyo sanakumbukiridwe mofanana ndi azungu. Mabanja atatu abwera kale ndi mayina a makolo awo. Ndikupempha kuti mbali imodzi ya mwala ikhale ya malume, inayo ikhale ya anthu amenewa, ndipo m'munsi musiyidwe malo. Ngati mwala wonyezimirawo ukudya ndalama zonse, tigule wamba, bola mayina akwane.

Malo osiyawo ndikunenera chifukwa nkhondo sinasiye kutenga ana a m'dziko muno. Mu November 2018 asilikali 6 a Malawi Defence Force anaphedwa kufupi ndi Beni ku Congo ali pantchito yosungitsa mtendere, ndipo mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala. Bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne mu 2019. Nditamva pawailesi ndinakhala pansi, chifukwa inali nkhani yomwe ija ya pakhonde.

Tsono usatume ndalama zokha. Malowa ndi a amfumu, ndipo mwinimbumba ndi malume ako, choncho uwaimbire iwo choyamba, uwafotokozere modzichepetsa, asamve kwa ine zimene unayenera kuwauza wekha. Tagwirizana kuti chipilala chiime pamphambano, pansi pa mtengo wa mango, poyang'anana ndi phiri, ndipo tikufuna kuchivundukula Lamulungu loyandikana ndi 11 November, pamene dziko lonse limakumbukira asilikali. Mvula ikhoza kukhala itayamba, choncho maziko tithira mwezi uno. Upemphe tchuthi msanga, ubwere ndi apongozi anga ndi ana, chifukwa ndikufuna kuti mdzukulu wanga wamkulu ndiye adzawerenge mayinawo mokweza, ndipo kabokosi kaja ndidzakapereka m'manja mwako tsiku lomwelo.

Moni kwa onse kumeneko.

Ndine mayi ako.