Lipoti la msonkhano wa za moto wolusa m'nkhalango

Zikomo a Gulupu, mafumu, apampando, amayi ndi abambo a m'komiti yathu ya m'tsinde mwa phiri la Michiru.

Munandituma ku msonkhano wa makomiti osamalira nkhalango umene alangizi anaitanitsa muno mu Blantyre. Kunali anzathu a ku Soche, Ndirande, Bangwe ndi Mpingwe. Za mbande ndi machubu zinakambidwa mwachidule, ndidzafotokoza tikakumana. Imene inadya tsiku ndi nkhani ya moto.

Nthumwi zinayamba ndi kuloza zala: anyamata osaka mbewa, ofula njuchi, ootcha makala, ndi ososa m'minda ya m'mbali mwa phiri amene amasiya mapesi akunyeka n'kumapita kunyumba. Palibe anatsutsa. Koma mlangizi wina anafunsa kuti, nanga bwanji machesi omwewo akayatsa mu Juni moto umangoyenda pansi n'kuzima ndi mame a usiku, pamene mu Okutobala umakwera mpaka pamwamba pa phiri? Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse.

Chimene chimadyetsa moto ndi udzu, ndipo udzuwo timauchulukitsa ndife. Pamene mombo ndi misuku zagwirana nthambi, pansi pamakhala mthunzi ndipo udzu umamera wapatalipatali. Tikadula mitengo ija ya makala ndi nkhuni, dzuwa limafika pansi, tsekera n'kukula kupitirira munthu m'dzinja limodzi lokha. Pofika Seputembala wauma gwa. Moto ukadutsa pamenepo umapha mphukira zonse za pa zitsa, mthunzi subwereranso, ndipo chaka chamawa udzu umachuluka kuposa kale. Ngakhale tigwire osaka mbewa onse, malo otere adzapsabe. Onjezaniponso kuti ife tili pa mtsetse: moto wokwera phiri umathamanga chifukwa malawi amayamba aumitsa udzu wa kutsogolo kwake.

Mitengo nayo simva moto mofanana. Mlombwa uli ndi khungwa lochindikala, umapirira. Mitengo yambiri yachilengedwe ikapsa imaphukanso kuchokera ku mizu. Paini ayi, akapsa wapita, ndipo masamba ake amaunjikana pansi n'kumadikira moto. N'chifukwa chake nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, yakhala ikuvutika ndi moto chaka ndi chaka. Bulugama amaphukanso, koma masamba ake ali ndi mafuta. Amene mumakonda kumubzala pafupi ndi khitchini, mwamva.

Mkangano unabuka pa nkhani yotentha msanga, kumayambiriro kwa chilimwe udzu usanaumitsitse. Ena anakana kwamtuwagalu, ati komiti ikayamba kuyatsa moto idzaletsa bwanji ana? Alangizi anatikumbutsa za kafukufuku amene anayamba mu 1933 ku Ndola, m'dziko la Zambia, m'nkhalango yofanana ndi zathuzi. Chigawo china ankachitentha msanga chaka chilichonse, china mochedwa, china osachitentha n'komwe. Chotenthedwa mochedwa chinatha miombo n'kusanduka tchire la udzu. Chotenthedwa msanga chinakhalabe nkhalango.

Ine ndinaima ndi otentha msanga, ndipo ngati ndinakuyankhulirani zimene simukugwirizana nazo mudzandiuze. Kuletseratu moto kumakoma ponena, koma kumafuna alonda usana ndi usiku kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndipo ife tilibe. Udzu wosungidwa zaka ziwiri ukadzagwira moto tsiku la mphepo, palibe nthambi yaiwisi imene ingauzimitse. Komabe okanawo ali ndi mfundo pa malo amene tabzala kumene: mbande sizipirira ngakhale moto wa mu Juni, kumeneko n'kupalira ndi kulambula basi.

Chenjezo: lamulo la za nkhalango la 1997 sililola munthu kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa ya boma popanda chilolezo. Zimene ndikunenazi ndi za nkhalango ya mudzi wathu, ndipo mlangizi ayenera kukhalapo.

Anzathu a ku Soche anayankhula mochepa, koma holo inakhala chete. Anakumbutsa za matope ndi miyala zimene zinatsikira ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Sananene kuti moto ndiwo unagumula phiri. Anangoti lupsa la mu Okutobala limasiya nthaka ili mbee, ndipo mvula yoyamba imakokolola chilichonse.

Tikakumana tigwirizane tsiku lolambula njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango yathu, udzu usanaume. Ndikupemphanso mafumu alole amayi kumweta udzu wofolera m'kati mwa nkhalango tisanatenthe, pakuti mtolo uliwonse wotuluka umachepetsa moto, komanso ndi ndalama. Zikwakwa zathu n'zochepa, ndiye aliyense adzabwere ndi khasu lake. Osaka mbewa tisangowaopseza ndi chindapusa, tiwaitane ku msonkhanowo. Amadziwa njira za moto m'phirimu kuposa ife.